Kukaphunzira ku UK n'kwabwino, koma konzekani msanga

Akonzi,

Tiloleni tithirirepo ndemanga pa nkhani ya achinyamata ofuna kukaphunzira kunja. Phindu lake lilipo ndithu. Ku UK, digiri ya masitazi nthawi zambiri imatha m'chaka chimodzi, malabu ndi malaibulale ali ndi zipangizo zokwanira, ndipo viza imalola wophunzira kugwira ganyu mpaka maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula.

Thandizo la Chevening, lomwe boma la UK limapereka kwa ofuna kukachita masitazi kumeneko, limalipira fizi, ndege ndi ndalama yodyera mwezi ndi mwezi. Koma limafuna munthu wokhala ndi digiri yoyamba amene wagwirapo ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka 2. Wopempha amasankha makosi 3, ndipo akamaliza maphunziro ayenera kubwerera kwawo kwa zaka 2.

Ambiri amagwa pa zinthu zazing'ono. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye wolemba mayesowa msanga kwambiri amadzalipiranso kachiwiri. Wochokera ku Malawi amafunikanso chikalata choyezetsa TB kuchipatala chovomerezeka ndi boma la UK. Cha kwina kulikonse sachilandira. Makolo ena amadabwanso kumva kuti MSCE yokha nthawi zambiri sikwanira kuyambira digiri yoyamba kumeneko, mwana amayamba wadutsa chaka chokonzekera, chomwenso chili ndi fizi yake.

Musanalipire khobidi lililonse, makamaka kudzera mwa madobadoba a pa Facebook, funsani ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede m'Malawi, ngati pepala la yunivesiteyo lidzavomerezedwe kuno kwathu.

Alangizi a ophunzira,
Zomba