Ma clinical officer okonda ntchito ya manja apatsidwe njira

Akonzi,

Ndagwira u-clinical officer, ntchito yopima ndi kuchiza odwala ngakhale suli dokotala, muno mu Lusaka mpaka imvi. Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, amene akumaliza maphunziro omwewa, anandifunsa kumene angalowere. Iye mtima wake uli pa singano ndi mpeni, osati kutandala pa tebulo la OPD, poonera odwala osagonekedwa, kulemba Coartem ndi Panadol, komanso safuna ntchito ya usiku ku wodi.

Ndinamuuza kuti ayambe waganizira za maso. Owotcherera zitsulo ku Kalingalinga amabwera diso lili psuu, kachitsulo katakanirira pa galasi la diso. Umadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukatokosola ndi nsonga ya singano, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ntchito ya mphindi zochepa, koma dzanja likangonjenjemera wamusiyira chipsera moyo wake wonse. Ku sukulu ya zaumoyo ya Chainama, kumene tsopano kuli pansi pa Levy Mwanawasa Medical University, akhala akuphunzitsa ma clinical officer a maso.

Kwina ndi khungu. Kudula kanyama kuti kakapimidwe, kuchotsa njerewere ndi zotupa, kuumitsa ndi mpweya wozizira zilonda za abale athu achialubino zisanasanduke khansa. Sukulu yodziwika ya zimenezi ili ku Moshi, ku Tanzania. Nanga mafupa? Anzathu a ku Malawi anayamba kuphunzitsa ma clinical officer a mafupa mu 1985, ndipo m'zipatala za maboma kumeneko ndi iwowa amene amawongola fupa n'kumanga chikhakha. Mdulidwe wa abambo ndi kuika kulera kwa pamkono sindikuwerenganso, timachita kale.

Ngakhale ku America ali nawo anzathu otchedwa physician assistant, amene maphunziro awo anayambira ku Duke University mu 1965. Tisamadzione ngati ogwirizira malo a dokotala.

Chondiwawa ndi ichi. Mnzanga wina anapita kukaphunzira za maso, atabwerako anamubwezera pa mzere wa chifuwa ndi malungo, ati antchito ndi ochepa. Zida zopimira maso panalibe. Patapita zaka zingapo anandiuza yekha kuti akuchita mantha kugwira diso la munthu. Manja amaiwala, Akonzi, ndipo amaiwala msanga kuposa mutu.

Ndikupempha a unduna wa zaumoyo kuti amene waphunzira luso lotere azimuika pomwe adzaligwiritse ntchito, ndi zida zake zomwe. Tili ndi zipatala ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata compound. Pachilichonse patakhala chipinda cha maso, cha khungu ndi cha mafupa chotsegula Lolemba mpaka Lachisanu, gogo wa ku Kanyama sangafunike kukwera mabasi awiri kupita ku chipatala chachikulu cha UTH chifukwa cha kachotupa ka pachikope.

Mphwanga uja wasankha maso. Ndamulonjeza tochi yanga yakale yopimira, ikugwirabe ntchito.

Ine wanu,
Clinical officer wopuma ntchito
Matero, Lusaka