Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: ife ojambula X-ray m'mawodi

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi mwa anthu amene timakankha makina a X-ray kupita nawo kuwodi, kukajambula odwala oti sangasunthidwe pabedi.

Kuchipinda chathu chojambulira timabisala kuseri kwa khoma lotchinga cheza cha X-ray. Kuwodi kulibe pobisala. Mabedi ndi othithikana, gadiyani wayala mphasa pansi, namwino akusintha diripi pabedi loyandikana. Cheza chomwe chimatifika kwambiri ndi chomwe chimamwazika chikagunda thupi la wodwala, ndiye chitetezo choyamba ndi kutalikira: ukaima mamita 2 m'malo mwa mita imodzi, chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake timakuwa kuti, "X-ray! Tatulukani kaye!"

Koma mayi amene mwana wake akubanika satuluka, ndipo sindingamuimbe mlandu. Ndimavula epuloni yanga ya mtovu n'kumuveka iyeyo, poti ilipo imodzi yokha, ine n'kukoka chingwe cha batani lojambulira mpaka pomwe chathera. Epuloni yomweyonso inatopa. Imafunika kupachikidwa, koma kwathu imapindidwa ngati chitenje chifukwa popachika palibe. Tsiku lina tinaijambula ndi X-ray, ndipo ming'alu inaoneka mbee, ngati mitsinje pamapu.

Muyezo wa mayiko onse umati wogwira ntchitoyi asapitirire 20 mSv (muyezo wa cheza cholowa m'thupi) pachaka, powerengera zaka zisanu pamodzi. Akakhala mayi woyembekezera, mwana wam'mimba asapitirire 1 mSv. Dziko lathu lili ndi lamulo la Atomic Energy la 2011, komanso bungwe la AERA loyang'anira zimenezi. Komatu nambalazi zimadziwika pokhapokha baji yoyezera cheza, yomwe timavala pachifuwa, ikatumizidwa kukawerengedwa n'kubwera ndi zotsatira. Yanga yatha miyezi ili m'dirowa ya muofesi ya pachipatala pathu. Mnzanga wina ndi woyembekezera, ndipo tinangogwirizana tokha kuti kuwodi asamapite.

Pempho langa ndi ili, bwana. Pogula makina oyenda nawo, kaya akuwodi kaya a m'magalimoto aja oyeza TB m'midzi, ndalama yomweyo iguliretu maepuloni awiri, chotchinga pakhosi ndi popachikira. Ndalama yowerengetsera mabaji ikhale ndi mzere wakewake m'bajeti ya chipatala chilichonse, kuti isamadikire zotsala pa mafuta a ambulansi. Ndipo zotsatira zikabwera, mwini baji azipatsidwa pepala lake m'manja.

Ine wanu,
Wojambula X-ray pachipatala china