Mustang sagula ndi makutu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi achimwene athu amene angofika kumene kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ku America. Akangolandira malipiro kawiri katatu, maso amakhala pa galimoto yamphamvu ya mtundu wa Mustang, Charger kapena Camaro yogwiritsidwapo kale ntchito. Matenda amenewa inenso anandigwira.

Yanga inali Ford Mustang GT ya 2008, injini ya V8 ya malita 4.6. Mwini wake atangoiliza, nzeru zinandithawa. Ndinaizungulira kawiri, kumenya matayala ndi phazi ngati munthu wodziwa, n'kupereka madola 7,500 tsiku lomwelo. Kugwada n'kusuzumira kunsi ndiye sindinachite.

Kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo mwakachetechete. Patatha miyezi inayi, makanika ataikweza m'mwamba anandikodola kuti ndidzaone ndekha. Mapaipi a mabuleki anali atadyeka ndi dzimbiri, chitsulo china chikungoyoyoka akachikhudza ndi sipanala. Pamwamba penti waliwali, ngati galimoto yonyamula akwati.

Choncho achimwene, musanatulutse ndalama, pitani nayo kwa makanika wanu, osati wa wogulitsayo. Lembaninso VIN, nambala ija ya zilembo ndi manambala 17 imene imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo, mbali ya dalaivala, mukaifufuze pa Carfax, tsamba la pa intaneti loonetsa mbiri ya galimoto. Mapepala ake akalembedwa kuti "salvage", dziwani kuti a inshulansi anaitaya kale chifukwa cha ngozi, moto kapena madzi osefukira. Za inshulansi yomweyo funsiranitu mtengo, poti mnyamata wa V8 samuchitira chifundo.

China, Mustang imakoka ndi matayala akumbuyo. Mu Januwale mphepo ya ku Lake Michigan ikatibweretsera chipale, galimoto imavina yokha pamsewu. Ine ndinkapita ku ntchito ya usiku pa Corolla ya mlamu wanga, chilombo changa chili phee pabwalo.

Ena amati adzaitumiza kumudzi. Chiwongolero chake chili kumanzere, pomwe kwathu timayenda kumanzere kwa msewu. Popitirira thiraki pa M1 mudzadalira maso a amene mwamunyamula. Mustang za chiwongolero cha kumanja Ford inayamba kupanga yokha mu 2015, ndipo zimenezo kazifuneni ku South Africa.

Yanga ndinaigulitsa madola 4,000 kwa bambo wina amene anabwera ndi tochi ndi katoni yogonera pansi.

Ine wanu,
Wowerenga,
South Bend, Indiana