Kuthokoza Chipatala cha Gulupu pa Matenda a Amuna Anga

Kwa Mkulu wa Chipatala,
Queen Elizabeth Central Hospital,
Blantyre.

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze inu ndi antchito anu, makamaka a ku AETC, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kumene tinafikira, a kuwodi ya abambo, ndi a kuofesi ya TB, chifukwa cha mmene munathandizira amuna anga. Sinditchula dzina la aliyense, poti manja amene anawagwira ndi ambiri ndipo kutchula mmodzi kungakhale kukondera. Ndikupemphani kuti muwafikitsire mawuwa onsewo, kuphatikizapo ophunzira a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzawamvetsera pachifuwa.

Amuna anga amachita kabaza wa njinga yakapalasa kuno ku Bvumbwe. Matenda anawalowa mwakachetechete. Anayamba kutsika njinga pa zitunda zimene ankakwera ali ndi munthu kumbuyo, usiku n'kumatuluka thukuta mpaka zofunda kunyowa, thupi n'kumatha. Kenako miyendo inatupa, mimba nayo inatupa, ndipo kugona chagada kunakanika. Ankachezera usiku atakhala pa mpando, atawerama, zigongono zili pa maondo, akuti mpamene pachifuwa pankapepukako. Kutsokomola kunali kwa apo ndi apo. Pa chipatala china chaching'ono anawayeza makhololo, sanapeze kanthu, tinabwerako ndi panado ndi makapisozi.

Apa mpamene nkhani inanditembenukira ine. Inu a chipatala mukudziwa zimene anthu amanena kumudzi mwamuna akatupa miyendo n'kumamva kuwawa pachifuwa: amati ndi tsempho, ndipo wolakwa ndi mkazi. Apongozi anga sanandifunse n'komwe. Ananena poyera kuti ndayenda njira ina kenako n'kuthira mchere m'ndiwo. Anandiletsa kuphikira amuna anga, mphika wawo unkachokera kwa alamu. Ankhoswe anaitanidwa kuti ndiulule. Kodi munthu ungaulule chiyani pamene palibe chimene wachita? Kumjigo amayi anzanga ankangoti zii ndikafika. Masabata amene anathera pa milandu ndi pa mankhwala azitsamba ndi omwewo amene amuna anga ankalowera pansi.

Tsiku limene tinafika ku Gulupu, iwo sankatha kumaliza chiganizo osapumira. Dokotala anayang'ana mitsempha ya pakhosi, yomwe inali itafufuma mpaka kufika cha kunsagwada, anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti mtima ukumveka ngati uli kutali. Ekiselo inaonetsa mtima waukulu, wobulungira. Ndiye anabweretsa makina ojambulira mtima aja mumawatcha eko, anapaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo atangoyang'ana anaitana mnzake.

Chimene ndikuthokoza koposa ndi chimene chinachitika pamenepo. Namwino wina anali ataona kuti ine ndaima patali, pamene pafupi ndi bedi pali alamu, achimwene awo a amuna anga. Anandikokera pambali n'kundifunsa, ndipo ndinamuuza zonse. Sanaseke, ndipo sananyoze miyambo ya anthu. Anakanong'oneza dokotala, dokotalayo n'kutiitana tonse awiri, ine ndi alamu, kuti tione tokha pa galasi la makinawo. Tinaona mtima ukugwedezeka pakati pa mdima waukulu ngati nsomba m'ndowa. Anatiuza m'Chichewa chomveka kuti mdimawo ndi madzi. Mtima umakhala m'kathumba kake, ndipo mwa munthu wabwinobwino timadzi ta m'kathumbako sitipitirira mamililita 50. Kathumbako kakagwidwa ndi tizilombo kamatupa n'kudzaza madzi, madziwo n'kumaufinya mtima mpaka kulephera kulandira magazi okwanira. Magazi akasowa polowera amadikha m'mitsempha, n'chifukwa chake khosi, mimba ndi miyendo zimatupa. Anati kuno kwathu ku Africa chimene chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi TB, ndipo TB ikhoza kukhala pa mtima makhololo osaonetsa kanthu. Alamu anafunsa ngati mkazi angamudwalitse mwamuna matenda amenewa kudzera m'chakudya. Dokotala anayankha kuti ayi, tizilombo ta TB timalowa ndi mpweya, ndipo tikhoza kukhala m'thupi zaka zambiri tisanadzuke.

Madzulo omwewo anawabaya singano yaitali pansi pa fupa la pachifuwa n'kuyamba kupopa. Madzi ake anali ofiirira, osakanikirana ndi magazi, ndipo anatsala pang'ono kukwana lita. Ndinali panja, koma nditalowa ndinapeza munthu akupuma mosavutika, akupempha phala. Usiku umenewo anagona chagada. Alamu ndi amene anaimbira foni apongozi, ndipo ndinawamva akunena kuti, "Mayi, zija tinkanena zija si zoona, madzi ndawaona ndi maso anga." Ndikanati ndinene ndine, palibe akanandikhulupirira.

A kuofesi ya TB nawo anagwira ntchito yawo mwadongosolo. Anawakweza pa sikelo kuti adziwe kuchuluka kwa mapiritsi, natifotokozera kuti mankhwala ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi 4 ya rifampicin ndi isoniazid basi. Sitinalipire kalikonse. Anawonjezera kapiritsi ka vitamini B6 koteteza dzanzi la kumapazi, natiuza kuti maso akachita chikasu kapena akayamba kuona mwachimbuuzi tithamangire kuchipatala. Anatichenjezanso kuti rifampicin amafiiritsa mkodzo. Chenjezo limeneli lingaoneke laling'ono kwa inu, koma taganizani mwamuna amene akuti watsemphedwa atayamba kukodza zofiira pamudzi popanda wodziwa chifukwa chake. Mlandu wanga ukanayambiranso. Tonse awiri anatiyezanso magazi, poti anati matendawa amakonda kugwira anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo zotsatira anatiuza kuchipinda tili awiriwiri, osati pa gulu. Ulemu umenewu sindidzauiwala.

Ugadiyani umaphunzitsa zambiri. Kokaphika ndinadziwana ndi mayi wina amene ankadwazika mwana wake wamkazi, mtsikana wa ku sekondale. Iye vuto lake linali pa zitseko za mkati mwa mtima, zimene zimatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere. Zinawonongeka ndi nyamakazi ya mtima, imene imayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino paubwana, ndipo tsopano tizilombo tina tinali titamera pa zitseko zowonongekazo. Ankalandira mankhwala a m'mitsempha, oti apitirire masabata 4 mpaka 6 ali m'chipatala momwemo, ndipo akatuluka azibayidwa jakisoni wa penisilini mwezi uliwonse kwa zaka zambiri. Mayiyo ankadziguguda kuti mwana akadandaula pakhosi ankangomupatsa madzi a mandimu. Nanga ndani mwa ife sanachitepo zimenezo? Kuyambira pamenepo ana anga akati pakhosi pakuwawa, thupi n'kutentha, ndimapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala atandiuza kuti zitseko za mtima wa amuna anga zili bwino ndipo mnofu wake ukupopa mwamphamvu, ndinamvetsa tanthauzo lake chifukwa cha mtsikana ameneyu.

Panopa amuna anga anamaliza mankhwala. Thupi labwerera, miyendo inaphwa, ndipo ayambiranso ntchito, ngakhale akumanyamula katundu wopepuka kaye. Munatiuza kuti kwa anthu ena kathumba kaja kamadzakhuthala n'kuuma, n'kuyambanso kuupanikiza mtima ngakhale TB itatha, ndipo kuti zikatero pamafunika opaleshoni. Choncho m'mawa uliwonse ndimawadina ndi chala pamwamba pa phazi kuona ngati pakutsala kadzenje. Iwo amaseka, amati ndasanduka namwino wosalandira malipiro. Apongozi sanapepese ndi pakamwa, akuluakulu satero, koma anabwera ndi nkhuku n'kundiuza kuti ndiphike ndekha.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikudziwa kuti silili m'manja mwanu mokha. Mukamakumana ndi a Unduna wa Zaumoyo, muziwakumbutsa kuti zipatala za m'maboma zikhale ndi makina a eko ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito, ndiponso kuti alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa za TB m'midzi asamangotchula chifuwa chokha. Anene kuti munthu wotupa miyendo, wobanika, wolephera kugona chagada, apite kuchipatala ankhoswe asanakhale pansi. Ndipo anamwino anu apitirize kufunsa mkazi amene waima patali ndi bedi la mwamuna wake kuti chavuta n'chiyani.

Tidzabwera pa tsiku limene munatilembera m'buku kuti adzajambulidwenso mtima. Mulungu akudalitseni nonse pa ntchito yanu.

Ine wanu,
Mayi wa ku Bvumbwe,
Thyolo.