Anthu a ku America sayankhula ndi pakamwa pamodzi

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu ija yonena kuti anthu a ku America afulatira mayiko akunja, chifukwa mwaphatikiza anthu osiyana maganizo ngati kuti ndi munthu mmodzi.

Ndinagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana, chigawo china cha America, kwa zaka zitatu. Agogo ena amene ndinkawasamalira, ovotera chipani cha Republican, ankapempherera Israel m'mawa uliwonse, pomwe mdzukulu wawo, wodyera m'nyumba yomweyo, ankadzudzula nkhondo ya ku Gaza mpaka misozi. Kafukufuku wa 2025 wa Pew Research Center, bungwe lofufuza maganizo a anthu, anaonetsa zomwezi: anthu a ku America 53 pa 100 alionse sankakondwa ndi Israel, koma pakati pa otsatira chipani cha Democrat anali 69, pomwe kwa a Republican anali 37 okha. Ngakhale mkati mwa Republican momwemo, achinyamata akusiyana ndi makolo awo.

Izi zikutikhudza. USAID, nthambi ya boma la America yothandiza mayiko akunja, itatsekedwa mu 2025, ambiri kuno tinangoti Azungu atitaya. Komatu PEPFAR, ndondomeko ya America yolimbana ndi Edzi imene yapulumutsa abale athu ndi ma ARV, anaiyambitsa ndi Pulezidenti George W. Bush wa Republican mu 2003. Ndipo ambiri amene ndinkacheza nawo ankadabwa kumva kuti thandizo la kunja ndi pafupifupi 1 pa 100 ya bajeti ya boma lawo.

Chonde, polemba za maganizo a anthuwa, muzitchula chipani chawo, msinkhu wawo komanso amene anachita kafukufukuyo, kuti tizidziwa amene tingathe kukambirana nawo.

Wowerenga wanu,
Zomba