Amalawi a ku Cape Town, tiyeni tikaone sunagoge wakale uja

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi abale anga amene tili kuno ku Cape Town. Ambiri timadutsa mu Company's Garden, ena kukajambulitsa zithunzi zoika pa Facebook, koma pafupi pomwepo pali sunagoge wa Ayuda womangidwa mu 1863, woyamba mu South Africa muno, ndipo ambirife sitinalowemo.

Ayudawo atachuluka anamanga sunagoge wina wamkulu pambali pake mu 1905, mapemphero nkusamukira kumeneko. Nyumba yakaleyo akanatha kuigwetsa kapena kuisiya kuti ingowonongeka, koma ayi, anaikonza bwinobwino mpaka lero ndi mbali ya South African Jewish Museum yomwe anatsegulira ndi a Nelson Mandela mu 2000.

Mukalowa mumayambira mu sunagoge wakale momwemo, mumaona malo osungiramo mipukutu ya Torah (mabuku asanu a Mose) ndi ziwiya zasiliva zopempherera, kenako mumadutsa pa kamlatho konga kotsikira mu sitima yapamadzi kukumbutsa mmene makolo awo anafikira kuno. Chipinda chapansi anamangamo kamudzi ka matabwa konga ka ku Lithuania, kumene Ayuda ambiri a kuno anachokera, tinyumba tating'ono, kasitolo, zonse zooneka zaumphawi ndithu. Anthu amenewa anabwera chimanjamanja abale, ambiri anayamba ndi geni yoyenda mafamu ndi mafamu katundu ali kumsana, chiyankhulo cha eni dziko osachidziwa, kumudzi akudikira kandalama. Mmalawi amene anakwera basi ku Wenela kubwera kuno kudzasaka maganyu nkhani imeneyi sangaimve ngati yachilendo.

Chimene chimandikhudza ineyo nchoti ana a sukulu, Ayuda ndi osakhala Ayuda omwe, amalowa mmenemo nkuona ndi maso kuti agogo a anzawo anachokera kuti ndipo ankapemphera bwanji. Ifeyo agogo athu anakumba migodi ku Joni zaka zambirimbiri pa nthawi ya Theba, koma mwana wanga atandifunsa kokaona mbiri imeneyo kumudzi ndingamutengere kuti?

Pambali pake palinso Cape Town Holocaust and Genocide Centre, komwe amafotokoza za Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi a Nazi a ku Germany komanso za kuphedwa kwa anthu miyandamiyanda ku Rwanda mu 1994. Loweruka amatseka chifukwa ndi Sabata lawo, ndiye pitani tsiku lina mukakhala pa ofu, tenganinso chiphaso poti pageti amafunsa, ndipo ana musawasiye kunyumba.

Wowerenga wanu,
Cape Town