Madokotala ophunzira kunja, yambani ndi mapepala

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi madokotala achinyamata amene anaphunzira ku China, Russia kapena Ukraine, ndipo akufuna kukachita ukatswiri ku South Africa kapena ku UK. Ambiri amathamangira mayeso, koma chimene chimawagwetsa ndi mapepala.

Malizani kaye internship ya miyezi 18, kaya pa Kamuzu Central kaya ku Queens, mulembetsedwe mokwanira ku Medical Council of Malawi. Muli mkati mwa internship yomweyo, yambani kutsimikiza digiri. HPCSA ya ku South Africa ndi GMC ya ku UK, makhonsolo olembetsa madokotala m'mayikowo, sizikhutira ndi fotokope, ngakhale loya ataidinda. Zimafuna digiriyo idutse ku EPIC, njira yotsimikizira mapepala ya bungwe la ku America la ECFMG, lomwe limalembera sukulu yanu kufunsa ngati pepalalo ndi lenileni. Miyezi imathera pamenepa, chifukwa sukulu ikapanda kuyankha, zonse zimaima. Pezani munthu wa mu ofesi ya zolembera ya sukuluyo woti muzimukumbutsa. Yang'ananinso dzina chilembo ndi chilembo. Pasipoti ikalemba "l" pomwe digiri yalemba "r", monga timachitira kuno, kapena dzina litapotoka polichotsa m'zilembo za Chirasha, mudzafunika chikalata cholumbira kuti munthuyo ndi mmodzi.

Mapepala ena amatha mphamvu. GMC imafuna 7.5 pa IELTS, mayeso a Chingerezi, popanda gawo lotsika 7.0, ndipo zotsatirazo zimagwira zaka 2 zokha. Wolemba msanga amadzalipiranso kachiwiri asanafike n'komwe ku Manchester, kumene kumalembedwa PLAB 2, gawo lachiwiri la mayeso a GMC a madokotala ophunzira kunja. Kalata ya mbiri yabwino yochokera ku Medical Council, GMC imailandira isanapitirire miyezi 3, choncho itengeni pomaliza penipeni.

Ku South Africa nkhani yowawa ndi ndalama. Mlendo nthawi zambiri amalowa ngati supernumerary registrar, wophunzira ukatswiri wongowonjezera pa olembedwa ntchito: amagona mu wodi pa kolo ngati anzake, koma malipiro palibe, kwa zaka 4 kapena 5. Lendi ya ku Cape Town sidikira. Musanyamuke opanda kalata ya wokulipirirani yotchula zaka zonsezo.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill uzilengeza poyera chaka chilichonse malo a maphunziro a ukatswiri amene ungalipirire ndi tsiku lotsekera, kuti dokotala wa ku Kabudula amve tsiku limodzi ndi wa pa Kamuzu Central ku Area 33.

Madokotala okhudzidwa,
Lilongwe